Anthu 412 Anawamva Bambo

3 Malichi

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka, kupatula Bambo. Ndalemba papepala monga munalamulira, poti mumati foni yanu ili ndi makutu ambiri. Mwandibwezera ku masiku akale, mpaka ndinakafunsa ku positi ofesi ngati masitampa akugulitsabe.

Chifuwa chija chakula. Masitepe atatu a pakhonde aja akumapumira pakati asanamalize kukwera. Adokotala atiwonetsa chithunzi cha mapapo. Akuti ndi fumbi la miyala, zaka zonse zimene anagwira ku kampani yophwanya miyala ija zili momwemo, ndipo mankhwala ochotsera kulibe. A kampani akuti ndi fodya. Fodya! Munthu amene sanagwirepo ndudu chibadwire.

Tsono mverani chimene ndachita, ndipo musayambe ndi kukwiya. Ndatsegula tsamba pa intaneti. Ndikaweruka kusukulu ndimayenda ndi foni yanga kukajambula mawu a azibambo amene ankagwira ntchito ndi Bambo, amene akutsokomola chimodzimodzi. Pamodzi ndi Bambo alipo khumi ndi anayi. Aliyense amanena zaka zimene anagwira ndi zimene anaona, ine sindiwonjezerapo kanga. Bambo ndi amene anayamba. Analankhula mphindi khumi ndi imodzi, akupumira m'njira, ndipo muli zina zimene ngakhale Mayi sankazidziwa. Sindikuuzani, mukazimvere nokha.

Pansi pa tsambalo pali kanambala kosonyeza anthu amene amvetsera mawu a Bambo. Ndikangolowa pakhomo, moni sapereka, amangoti, "Lero angati?" Dzulo anali 260. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, ati, "Anthu onsewo kundimvetsera ine? Pamene amayi ako zaka zonsezi sandimva!" Atapuma anafunsa ngati mmodzi mwa anthuwo ndi inu.

Adiresi ya tsambalo ndalemba kuseri kwa pepalali. Mutiuze za kumeneko.

Ine mlongo wanu.

16 Malichi

Kamlomo,

Kalata yako ndalandira, ndipo za Bambo zandikhudza kwambiri. Ife tili bwino, wamng'ono uja wayamba kuyenda ndipo m'nyumba mulibenso chinthu chili pamalo pake. Undiuze zonse zimene adokotala ananena, usandibisire.

Koma dzina tinakupatsa uli mwana lija silinapite pachabe. Mlongo wanga, wakutsina khutu ndi mnansi: tsamba lako lichotse. Ine sindinalitsegule ndipo sindilitsegula.

Ndikudziwa kuti umaganiza kuti ntchito yanga ndi yotseka anthu pakamwa. Unandiuza maso ndi maso chaka chatha. Ndikuuze zimene ndinaona nditangoyamba ntchito muno mu ofesi yosefa za pa intaneti. Zithunzi za ana amsinkhu wa ana anga, zoti sindingathe kulemba papepala. Akathyali ogulitsa madzi a mchere, ati ndi mankhwala a khansa, anthu n'kusiya chipatala. Tsamba lina linaika nkhope ya munthu wosoka nsapato, ati amaba ana. Anamugenda mpaka kufa pamalo okwerera basi, iye asanadziwe n'komwe kuti nkhope yake ili pa intaneti. Tinatseka tsambalo titachedwa ndi tsiku limodzi lokha, ndipo nkhope ija ndimaiona mpaka lero. Ufulu wolankhula umene umaukondawo unamuthandiza chiyani wosoka nsapato uja? Madzi akumwa timasefa. Nanga zimene ana athu akumwa ndi maso tizisiye zosasefa?

Sindikunena kuti azibambo akowo akunama. Koma aliyense amene timamutsekera amalumbira kuti akunena zoona. Zinthu zili ndi njira zake, kuli ofesi yoona za antchito, kuli makhoti. Tsamba loloza chala kampani yaikulu ngati ija masiku ake ndi owerengeka. Ndikudziwa chimene ndikunena.

Uwauze Bambo kuti ndibwera tchuthi chikapezeka.

Ine mchimwene wako.

2 Epulo

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa Mayi anatiphunzitsa mwambo, koma mtima wanga suli pa moni.

Lachiwiri m'mawa tsamba lija silinatseguke. Panangotuluka mawu akuti tsambali latsekedwa pofuna kuteteza anthu. Ndinayesa foni za aphunzitsi anzanga, ndinayesa kompyuta ya ku laibulale, chimodzimodzi. Kuteteza anthu! Kuwateteza kwa nkhalamba khumi ndi zinayi zolephera kukwera masitepe?

Munati masiku ake ndi owerengeka. Ndiye amene ankawerenga masikuwo ndinu eti? Adiresi ndinakupatsani ndi dzanja langa, sipanathe mwezi, tsamba latsekedwa ndi ofesi yomwe mumagwirayo. Ndakhala ndikudzifunsa ngati munakaipereka kwa abwana anu kuti akuoneni okhulupirika. Mwandipweteka, Achimwene.

Nkhani ya wosoka nsapato yandiliza. Zoterozo tsekani, ine ndikuomberani m'manja. Koma sefa ilibe maso, maso ndi a munthu amene waigwira. Yanuyo waigwira ndani? Akalakwitsa amamufunsa ndani? Mukuti kuli ofesi yoona za antchito. Bambo anapitako kasanu atavala jekete lawo labwino lija. Ulendo wachisanu mlonda anawabweza pageti, ati abwana atopa nawo. Munthu akayamba kukuwira pamsewu ndiye kuti zitseko zonse zamukana. Ndipo ku kampani kuja lero lino kuli amuna oposa mazana awiri amene akupuma fumbi lomwelo, ena mwa iwo ndinawaphunzitsa ndekha m'kalasi. Tsamba lija linali lawo kuposa la Bambo.

Nambala inaima pa 412. Bambo sindinawauze. Ndikalowa ati, "Lero angati?" ine ndimapeka. Dzulo ndinati 530. Ine amene ndimakalipira ana a eni chifukwa cha bodza, ndikunamiza bambo anga ondibereka tsiku ndi tsiku, mpaka ndimalemba nambala pachikhatho kuti mawa ndisadzaitsitse.

Ndiyankheni mosazungulira. Ndinu kapena si inu?

Mlongo wanu.

19 Epulo

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Dzanja silikukhazikika, uwerenge mopirira. Kalatayi ndapatsa amayi ako kuti akaponye, mlongo wako asadziwe.

Muli bwanji kumeneko? Ndamva kuti mdzukulu wanga akuyenda. Uzimuveka nsapato, m'tauni pansi pamakhala magalasi osweka.

Mlongo wako sadziwa kunama. Akamanena nambala amayang'ana pachikhatho. Ndadziwa kuti chinthu chija anatseka, ndipo ndinamumva akulira kukhitchini kuti watseka ndiwe. Ine ndimafunsabe tsiku lililonse kuti asaone ngati wadzivuta chabe.

Sindikukuimba mlandu. Ntchito ndimaidziwa, ndinali kapitawo zaka zambiri. Sindikuti utsegulire dziko lonse, uli ndi ana. Ndikungopempha kuti iwe wekha umve. Muli mawu amene ndinalephera kukuuza tikuyang'anana, ndipo mpweya wobwerezera ndilibe. Ukamva, undilembere mzere umodzi wokha wakuti wamva. Ndidikira.

Bambo ako.

24 Epulo

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira Mayi akulimba. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinkafuna kukulembera kuti si ine. Ndafufuza, ndipo sindingathe kulemba choncho.

Adiresi ija sindinaipereke kwa munthu. Sindinaiwerenge n'komwe. Nditaona kuti walemba kuseri, ndinang'amba pepala lija osalitembenuza. Muno timati chimene sudziwa sangakufunse.

Ndikufotokozere m'mene timagwirira ntchito. Chipinda chathu chilibe zenera, muli matebulo anayi ndi kabati ya mafayilo. Lolemba lililonse m'mawa pamabwera envelopu yochokera ku maofesi a pamwamba. M'kati mumakhala mndandanda wa maadiresi oti titseke, nthawi zina makumi atatu, nthawi zina mazana awiri. Chifukwa chake salemba, ndipo amene wapempha sitimudziwa. Mnzanga amawerenga chilembo chimodzichimodzi kuti tisaphonye, ine ndimalowetsa mu kompyuta, kenako ndimasaina pambali pa mzere uliwonse. Ukamamva zilembo paderapadera chonchi, mawu ake suwamva. Kale tinkayamba tatsegula tsamba n'kuona chimene tikutseka. Zaka zitatu zapitazo anatiletsa, ati zithunzi zoipa zija zikudwalitsa antchito maganizo. Ine ndinathokoza, Kamlomo. Ndinayamba kugona bwino.

Kalata yako itafika, ndinadikira anzanga apite kukadya masana, ndinatsegula kabati. Mndandanda wa Lolemba lija ndinaupeza. Pa mzere wa 47, pakati pa tsamba la juga ndi lina la zolaula, pali adiresi yokhala ndi mawu akuti fumbi ndi chifuwa. Pambali pake pali siginecha yanga.

Ndikanachita dala, bwenzi ndikupepesa monga munthu woipa amapepesera. Koma sindinadziwe, ndipo ndikulephera kuona kuti choipa kwambiri pa ziwirizi n'chiti. Ndili ndi manyazi.

Ndadzaza fomu yopempha kuti aunikenso. Akuti zimatenga miyezi itatu. Kompyuta ya patebulo langa imatha kutsegula tsamba lililonse lotsekedwa, koma imasunga dzina la amene watsegula, ndipo wotero popanda chilolezo ntchito imamuthera pomwepo. Ndili ndi ana awiri, mlongo wanga. Tiyeni tidikire miyezi itatuyo. Sefa ndimaikhulupirirabe, apa yangogwira chosayenera. Bambo ali bwanji? Palibe amene akundiuza.

Mchimwene wako.

12 Meyi

Achimwene,

Ndikhulupirira munafika bwino. Pamaliro sitinalankhulane. Anthu anali ambiri, komanso Kamlomo wanu kwa nthawi yoyamba anasowa chonena.

Kalata yanu ya miyezi itatu inafika Bambo atatsala ndi masiku anayi. Sindinawawerengere.

Ndinakumvani mukufunsa Mayi ngati Bambo anavutika. Mayi anakuyankhani zokutonthozani, ine ndikuuzani zoona. Anavutika. Sabata yomaliza anasiya kufunsa nambala, ankangofunsa ngati wapositi wadutsa. Anatiuza tikokere bedi pazenera kuti aziona pageti. Njinga iliyonse ikalira belu ankayesa kudzutsa mutu. Ine ndinkaganiza kuti akudikira yankho la ku kampani, mpaka ndinkawakalipira kuti anthu amenewo asawawerengere.

Dzulo, tikulongedza zovala zawo, ndi pamene Mayi andiuza kuti Bambo anakulemberani kalata mobisa, ndipo iwo ndi amene anakaponya. Ndinawafunsa kuti adiresi anaitenga kuti. Anatulutsa envelopu yanu yakale imene amasunga m'chikwama. Ndi ya nyumba imene munasamukamo chaka chatha ija. Mayi alira tsiku lonse kuti alakwitsa ndi iwo, ine ndalephera kuwatonthoza. Pitani mukafunse kumeneko, mwina ilipo.

Ndakukhulupirirani kuti simunadziwe. Kukhululuka sindinakhululukebe, musandifulumizitse. Mwa azibambo khumi ndi atatu otsala aja, mmodzi wagonekedwa m'chipatala Lachinayi.

Mlongo wanu.

23 Meyi

Kamlomo,

Moni kwa iwe ndi Mayi. Uwauze asalirenso za adiresi, wolakwa ndine amene ndinasamuka osawalembera.

Kalata ndaipeza. Amayi amene akukhala m'nyumba ija anaisunga pamwamba pa kabati mwezi wathunthu, ati ankadziwa kuti mwini wake adzabwera. Ndinaiwerengera pamsewu, nditatsamira mpanda. Bambo anapempha mzere umodzi wokha, mlongo wanga. Ine masiku omwewo ndinali kalikiliki kudzaza fomu.

Lachisanu m'mawa ndinakhala patebulo langa, ndinatulutsa mndandanda uja, ndinalemba adiresi ya mzere wa 47. Mnzanga wowerenga zilembo uja anaima kumbuyo kwanga, ati, "Akulu, mwaganizira ana?" Ndinati ndaganizira. Zomvera m'khutu sindinavale, ndinasiya mawu amveke chipinda chonse.

Iwe unawamva kale, koma ndilole ndilembe, chifukwa sakuchoka m'mutu mwanga. Bambo anati, "Chaka chilichonse ankandibweretsera pepala loti ndisaine, lonena kuti anthu anga onse alandira zophimba pamphuno ndipo fumbi layezedwa. Sindinkawerenga. Ndinkadziwa kuti ndikawerenga sindisaina, ndipo ndinali ndi ana awiri pasukulu. Anzanga amene mukutsokomola, dzanja langa lilipo pa chifuwa chanucho. Mundikhululukire." Kenako anatsokomola nthawi yaitali, ndinkamva iwe ukuwapatsa madzi. Atapeza mpweya anati, "Mwana wanga wamwamuna, ndamva kuti nawenso umasaina mapepala. Uziyamba waona."

Ndinalira pamaso pa anzanga atatu. Mawu a akulu akoma akagonera, koma awa agonera mpaka mwini wake wapita.

Nditapukuta maso ndinachotsa mzere wa 47 pa zotsekedwa. Ndi pamene ndinakuimbira foni ija. Kenako ndinayamba kutsegula masamba ena a mndandanda womwewo, limodzi limodzi. La juga linalidi la juga. La zolaula linalidi lonyansa, ndipo ngakhale lero ndikhoza kulitsekanso ndi mtima woyera, pamenepo ndiye sitidzagwirizana kuti zonse zizingodutsa. Koma pa mzere wa 52 panali anamwino akudandaula kuti akugwira ntchito opanda magolovesi. Pa 60 panali mayi wina akufunafuna mwamuna wake amene anasowa. Onsewo siginecha ndi yanga. Ndisanafike pa 61 chitseko chinatseguka, anandilanda khadi lolowera, anandiperekeza mpaka pageti.

Andiitana Lolemba kuti ndikayankhe, koma yankho lawo ndikulidziwa kale. Alamu ako sanandilankhule masiku awiri. Lero m'mawa andifunsa kuti Bambo anati chiyani, ndawauza, andipatsa tiyi. Ndili ndi mantha, sindikubisira. Sindikudziwa kuti ndikagwira kuti, poti munthu wochotsedwa muno mbiri imamutsogolera.

Tsambalo atsekanso, mwina kalatayi isanafike. Mzere umene Bambo anapempha ndaulemba pakapepala, ndaika m'envelopu momwemu. Sindikudziwa koti ndiutumize.

Mchimwene wako.

30 Meyi

Achimwene,

Moni, ndipo ulendo uno mtima uli pa moni. Alamu ndi ana ali bwanji? Mundiuze zimene anakuuzani Lolemba, zonse, ngakhale zowawa.

Mutaimba Lachisanu lija ndinali m'chipinda cha aphunzitsi, ndikuchonga makope. Munangoti, "Tsegula tsamba," n'kudula. Ndinatsegula. Nkhope ya Bambo inatuluka, ndipo pansi pake kanambala kaja kanali pa 413. Pafupifupi miyezi iwiri, m'dziko lonse, munthu mmodzi yekha. Ndinakayang'ana nthawi yaitali mpaka belu linalira ine osalimva.

Ndinatumiza adiresi kwa aliyense amene ndimamudziwa. Anatsekanso Lolemba masana, monga munanenera, nambala ili pa 2,906. Koma ulendo uno anthu anachenjera, anasunga mawuwo m'mafoni mwawo, ndipo ku kampani kuja akupatsirana nthawi yopuma. Lachitatu kapitawo amene analowa m'malo mwa Bambo anabwera kuno, chipewa m'manja. Anauza Mayi kuti pepala la chaka chino amubweretsera, waliwerenga, ndipo sanasaine. Zimuthera bwanji sindikudziwa, nayenso ali ndi ana.

Za sefa tidzakangana mukabwera, ine sindinagonje ndipo ndikudziwa kuti inunso simunagonje. Koma ndikuuzeni chimene ndinachita Lachisanu lomwelo. Nditaweruka ndinathamanga ngati kamwana, ndinakwera masitepe aja, ndinakankha chitseko n'kukuwa kuti, "Bambo, lero 413!" Chiyambire Epulo, inali nthawi yoyamba kubwera ndi nambala yoona, osayang'ana pachikhatho. Ndinakumbukira ndili pakati pa chipinda. Mayi anandipeza nditakhala pansi, ndikulira, anakhala nane pomwepo.

Kapepala kanu kakuti "Ndamva, Bambo" tinapita nako kumanda dzulo. Mayi anakana kuti ndiwerenge ine, ati kalata anasocheretsa ndi iwo, yankho afikitsenso okha. Anawerenga kawiri, kachiwiriko mokweza, ati Bambo khutu lakumanzere silinkamva bwino.

Bwerani, Achimwene, ndi alamu ndi ana, malo alipo. Wamng'onoyo mumuveke nsapato. Bedi lija tinalisiya pazenera pomwepo.

Ine Kamlomo wanu.